Mapichesi a Yoramu

Chitseko sichinali chokhoma, koma Paison anachiponda ndi mwendo mpaka chinazuka n'kugwera m'kati. Lufina anali pamphasa, khanda lili kubere. Amayi awiri amene ankamukhazika pamaliro anathawira kukhoma. Paison anamugwira mkono mlamu wakeyo n'kumukhwekhwerezera pabwalo, ndipo atamugwetsa anasolola chikoti chake chokusira ng'ombe.

"Unene chimene unamuchita mng'ono wanga, iwe mkazi wa kuchigwa."

Chikoti chinatera pamsana, chinateranso m'khosi, n'kung'amba nsalu pamodzi ndi khungu. Lufina anafungatira mwana pamimba, anawerama ngati akupalira, osatulutsa mawu. Anthu analipo ndithu, pakuti anali asanamete ndipo abale akutali anali asanabalalike. Koma amuna onse anazolika mitu ngati ataya singano m'fumbi. Paison analeka yekha atatopa mkono.

Yoramu Ngozo, mwamuna wa Lufina, anapezeka atadzimangirira kuphiri, kutsidya kwa dambo. Anamuona ndi amayi otola masuku. Mtembo wa munthu wodzipha sulowa m'mudzi, choncho adzukulu anamutsitsa n'kupita naye kumanda molunjika. Mtengowo anaudula, n'kuutentha nthambi ndi chitsa chomwe, monga mwambo umanenera, kuti usadzaitanenso wina. Anamuika kumphepete kwa manda popanda nyimbo. Ngoma sinavinidwe, ngakhale womwalirayo anali Mngoni weniweni, msilikali wa Keyala amene anakamenya nkhondo ku Bama. Mkulu wa mpingo, yemwe chaka chilichonse ankadzaza matumba ndi mapichesi a Yoramu, anatumiza mawu akuti chimfine chamugwira.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma adzukulu pokulunga mtembo anaona zipsera zakuda kuzungulira mikono yonse iwiri, pamene dzanja limayambira. Zinali zakale ndi zolimba, ngati za pakhosi pa ng'ombe yapagoli. Pakamwa pa mdzukulu sipasunga kanthu mowa wa maliro ukalowa. Pomwe dzuwa linkapendeka, mudzi wonse unali utadziwa kuti Yoramu ankamangidwa ngati mbuzi m'nyumba mwake momwe.

Paison anawonjezera zake. Mng'ono wake anabwera kunkhondo akutsimphina, chitsulo chili m'ntchafu. Pabwalo pake panali mitengo ya mapichesi imene anabzala asanapite kunkhondo, ikuluikulu, nthambi zake zolimba. Nanga munthu wopunduka angasiye mitengo pakhomo n'kuwoloka dambo, n'kukwera phiri, kukafuna mtengo wina? Komanso m'mawa wa tsikulo anthu anamuona akudula mphanda, akuchirikiza nthambi zimene zinalemedwa ndi zipatso. Paison ankafunsa aliyense ngati munthu wofuna kufa masana amasamala za nthambi m'mawa. Yankho lake linali lakuti mkaziyo anamanga mwamuna wake, anamupha, ndipo chibwenzi chake chinathandiza kunyamula mtembo. Chibwenzicho palibe amene anachionapo, koma zimenezo sizinavute aliyense.

Kutsimphina kumene, Paison ankakudziwa bwino. Chaka chimene ankalemba asilikali, banja la a Ngozo linayenera kupereka mwamuna mmodzi, ndipo woyenera anali iye, wamkulu. Sabata yomweyo mwendo wake unauma. Anayenda ndi ndodo, akubuula pokhala ndi podzuka, mpaka Yoramu anati apita ndi iyeyo. Mwendowo unachira tsiku limene malole ananyamuka pa Boma. Anthu ankaidziwa nkhaniyi, ndipo Paison ankadziwa kuti akuidziwa. Munthu wotere maliro akagwa amafunitsitsa kupeza wina woti amuloze chala.

Tsono Paison anali atatuma kale mthenga ku Boma la Ntcheu. Lufina ankadziwa tanthauzo lake. Wopha munthu ankapita ku Zomba, ndipo kumeneko kunali chingwe. Ngakhale atapulumuka chingwe, ng'ombe za malowolo zinapita kale kwawo ku Bwanje, ndiye kuti mwana wake wamkulu Dailes ndi khandalo anali ana a kwa Ngozo. Akanabwerera kuchigwa manja ali lende, kapena osabwerera n'komwe. Yankho anali nalo, koma Yoramu anamulumbiritsa atagwira Baibulo kuti za m'nyumba mwawo asadzauze munthu, iye ali moyo kapena atafa. Lufina anali mkazi wamakani pa lumbiro, ndipo ankamukonda mwamuna wake.

Wochokera ku Boma anafika dzuwa likuswa mtengo, akukankha njinga pamtunda. Anali Sajeni Obed, amene anali ku Bama pamodzi ndi Yoramu. Anavala khaki wositidwa bwino, mendulo zili pachifuwa, malaya ake a manja aatali atamangidwa mabatani mpaka kumapeto ngakhale kunali kutentha kwa Novembala. Nkhondo itatha, mzungu wina wa ku Boma anaona kuti ena mwa asilikali obwerera kumudzi ayamba kudzichotsera moyo, ndipo anamupatsa Obed ntchito yowayendera, kuwafunsa mmene akukhalira, ndi kukanena ngati wina akuoneka kuti mutu sukuyenda bwino.

Kwa Yoramu ankabwera mwezi ndi mwezi. Yoramu akangoona khaki patali ankaponya khasu, n'kuima njo, n'kuchita sawasha. Obed ankafunsa ngati akugona bwino, ndipo Yoramu ankayankha kuti bwino kwambiri, sajeni. Ankafunsa ngati pali vuto, yankho n'kukhala lakuti palibe, sajeni. Kenako Obed ankadya pichesi n'kukwera njinga yake, kukanena ku Boma kuti ku Mlangeni kuli bata. Onse awiri anaphunzitsidwa kuti msilikali sadandaula pamaso pa mkulu wake, ndipo phunzirolo analisunga bwino kuposa lina lililonse.

Tsikuli anamuikira sajeniyo mpando pansi pa mapichesi. Paison anayala mlandu wake, mawu ali pamwamba, akuloza kuphiri ndi chikoti. Adzukulu anavomera za zipsera. Obed anayang'ana msana wa Lufina, pamene magazi anali atamata nsalu, koma sanafunse za msanawo. Anafunsa ngati anapha mwamuna wake.

"Sindinaphe amuna anga," anatero Lufina.

"Nanga zipsera zija, mayi? Ankawamanga ndani?"

Lufina anayang'ana pansi. Obed anafunsanso mofatsa, anafunsanso mokalipa, n'kumuuza poyera kuti kukhala chete kumupititsa ku Zomba. Mkaziyo anangolumata mano, misozi ikugwera pamutu pa khanda. Sajeni anapuma mozama, anapita panjinga yake n'kumasula unyolo umene unali pachonyamulira.

Paison ataona unyolowo anasangalala mopusa. Nyumba ya womwalira imagwetsedwa anthu akameta, akulu atagwirizana, katundu atatulutsidwa. Iye sanafune kudikira. Anati nyumba imene m'bale wake ankazunzikiramo isagonenso tsiku lina ili chiimire. Anatola chikuni pamoto wa amayi ophika, anachikupiza, n'kuchilowetsa mu udzu wa denga. Udzu umene unali usanaone mvula chiyambire Epulo unalandira moto ngati unkaudikira.

Apa m'pamene Lufina anakuwa koyamba. Anaponya khanda m'manja mwa mayi wina n'kuthamangira m'nyumba yoyakayo. Lumbiro linamanga pakamwa pake, koma silinamange mzati wa nyumba, ndipo mzatiwo ndi umene unali mboni yake yokhayo. Anthu anaganiza kuti akufuna kutsatira mwamuna wake. Obed anataya unyolo n'kulowa pambuyo pake.

M'katimo utsi unali utadzaza, zidutswa za udzu woyaka zikugwa. Anamupeza atagwada patsinde pa mzati, kumutu kwa mphasa, akulimbana ndi mfundo ndi zikhadabo ndi mano. Pamzatipo panali lamba wa chikopa cha ng'ombe, womangidwa mfundo imene Obed ankaidziwa, ya ku Keyala, imene imalimba ukamaikoka. Mtengo unali utasalala pamalopo, utakumbika kanjira chifukwa cha kukokedwa usiku ndi usiku. Obed anaima ngati wamenyedwa. Kenako anasolola mpeni, anadula lambayo, anamugwira Lufina m'chiuno n'kutuluka naye. Nsalu ya mkaziyo inali itayaka kumunsi, ndipo amayi anamuzimitsa ndi manja ndi dothi.

Denga linagwa, ndipo nsungwi zake zinayamba kuphulika, imodzi pambuyo pa inzake, ngati mfuti.

Obed anadziponya pansi chafufumimba. Atadzutsa mutu, nkhope yake inali ina. Mu utsimo munatulukira Paison akuthamanga, chikoti chili m'mwamba, akufuna kumalizitsa pa Lufina. Sajeni sanaone Paison. Anamulumphira m'miyendo, anamugwetsa chagada pakati pa mphanda za mapichesi, anamuponda pachifuwa ndi bondo n'kumugwira pakhosi ndi manja onse awiri. Ankakuwa m'chilankhulo chimene palibe anachimva. Mutu wa Paison anaumenyetsa pamuzu mpaka magazi anatuluka m'khutu.

Amuna aja tsopano anapeza singano yawo. Anathamanga ndi zibonga ndi misi, anamumenya sajeni pamsana, m'nthiti, pamapewa, koma zinali ngati akupuntha thumba la chimanga. Wina anamugwira m'khosi chakumbuyo ndipo analandira chigongono m'kamwa, n'kulavula mano. Maso a Paison anatong'oka, lilime linatuluka, miyendo inasiya kupalasa, ndipo kabudula wake ananyowa. Amayi anayamba kale kulira maliro achiwiri.

"Musamukhudze," anatero Lufina. "Chokanipo nonse. Mukamumenya ndiye kuti afinya kwambiri."

Ananena ngati munthu wodziwa, ndipo anamumvera. Anakwawa ndi mawondo, miyendo yake ili matuza, n'kukagwada chapambali pamene Obed akanatha kumuona. Sanamugwire. Anayamba kuyankhula motsitsa, mawu osathamanga, ngati akutonthoza mwana.

"Bambo, munafika kale kumudzi. Kuno n'ku Mlangeni. Izo si mfuti, ndi nsungwi za denga. Tamverani, ng'ombe zikulira kudambo. Mbatata tinakumba kale. Munafika, bambo. Sitima inakutulani, munafika."

Anabwereza mawu omwewo, osasintha, osakweza. Kupuma kwa Obed kunayamba kutsika. Zala zinamasuka chimodzichimodzi. Anayang'ana manja ake, anayang'ana munthu amene anali pansi pake, n'kugwera kumbali. Paison anakoka mpweya ndi phokoso ngati la ng'ombe yozingidwa, anasanza, koma anali moyo. Amene anamupulumutsa anali mkazi yemwe msana wake unali ukuchuchabe magazi a chikoti chake.

Sajeni Obed analira pamaso pa mudzi wonse, mendulo zili m'fumbi. Atatha, anamasula mabatani a malaya, anapinda manja onse awiri n'kukweza mikono kuti aliyense aone. Zipsera zinali pomwepo, zakuda, zozungulira, ndipo adzukulu anayang'anana. Anawauza kuti usiku nkhondo imabweranso, munthu amadzuka ali m'nkhalango ya ku Bama, ndipo aliyense wogona pafupi amasanduka mdani. Mkazi wake anathawa iye atamuthyola nsagwada ali m'tulo. Chiyambire pamenepo ankadzimanga yekha kumwendo wa bedi, mfundo yomaliza n'kukoka ndi mano.

"Yoramu anali ndi womumanga ndi womuitana kuti abwerere," anatero. "Ine ndilibe. Mayi awa sanaphe munthu. Asunga munthu."

Chinsinsi chinali chitatuluka pakamwa pa wina, ndipo Lufina anaona kuti lumbiro lake latha ntchito. Anafotokoza mwachidule, osayang'ana munthu. Mwezi woyamba Yoramu atabwera, anadzidzimuka manja ake ali pakhosi pa mkazi wake. Kutacha anapita kukhola, anacheka lamba pachikopa, n'kumuphunzitsa mfundoyo. Anapempha yekha kuti azimangidwa, ndipo anachita manyazi kwambiri kuti Mngoni, msilikali, azimangidwa ndi mkazi, n'chifukwa chake anatenga Baibulo. Masiku apitawo mbali imodzi ya lamba inaduka, ndipo Lufina anamuitana n'kumubweza Yoramu ataima kale pamwamba pa khanda. Mwana sanakhudzidwe. Koma kuyambira pamenepo Yoramu sanamunyamulenso, ndipo anasiya kudya.

"Akanandiuza zimene ankaganiza," anatero Lufina mwaukali. "Chikopa chatha m'khola? Ndikanacheka lamba wina, wina, mpaka tikanakalamba. Ndimakwiya nawo. Andisiya ndi ana, ngati kuti kuchoka kwawo ndiye kutithandiza."

Obed anatola unyolo wake n'kuumangiriranso panjinga. Anauza akulu a banja kuti ku Boma akanena kuti mlandu palibe, ndipo wina akadzakhudzanso mayiyo kapena kumulanda ana, unyolowo udzabwerera munthu ameneyo. Ananena akuyang'ana Paison, amene anali atatsamira mtengo, akumeza malovu movutika. Kwa Lufina anapepesa. Anati miyezi yonseyi ankafunsa funso loyenera atavala malaya olakwika.

Anali ndi wina woti akamuone ku Kandeu, msilikali amene nayenso nthawi zonse ankagona bwino kwambiri, sajeni. Obed anavula mendulo n'kuziika m'thumba. Anabwereka malaya akale kwa mdzukulu wina, a manja aafupi, ong'ambika paphewa, ndipo anakankha njinga yake kutsika mtunda mikono ili poyera.

Kutacha, Lufina anali kusesa phulusa pamene panali nyumba yake. Anagona kukhitchini ndi ana, ndipo amayi anali atamupaka mafuta a nsatsi pamsana ndi m'miyendo. Pakati pa phulusalo mzati unali chiimire, wakuda, wofupika. Mtengo wa pichesi woyandikira nyumba unali utawauka mbali imodzi, koma inayo inapulumuka. Dailes ankatola zipatso zimene zinagwa pa ndewu ija n'kumaika m'lichero.

Paison anabwera pang'onopang'ono, atakulunga nsanza kumutu, pakhosi pali zipsera zakuda za zala za sajeni. Anaima patali ndithu asanayandikire. Chikoti sanatenge. Atayankhula, mawu anatuluka osasa, ovuta kumva.

"Alamu."

Lufina anapitiriza kusesa.

"Alamu, ndinayenera kupita ndine. Mukudziwa."

"Aliyense akudziwa," anatero Lufina, ndipo sanamuthandize kupitirira apo.

Paison anayang'ana kuphiri. Anati chinthu chimodzi chikumusowetsabe tulo, ndipo sakufunsa ngati mlandu, akungofuna kudziwa. Mwendo uja unkamupweteka Yoramu ngakhale popita kukhola. Kudambo kuli matope, kuphiri kuli miyala. Anavutikiranji kupita kutali konse kuja?

Lufina anaimika tsache. Anamufunsa ngati anauona mtengo umene adzukulu anadula. Paison anati unali msuku. Anamufunsa ngati pansi pake panali masuku, popeza ino ndi nyengo yake ndipo phiri lonse likununkhira. Paison anaganiza, n'kunena kuti ayi, panali masamba okha. Unali uja waumuna, wa pafupi ndi thanthwe, umene ngakhale ali anyamata ankaupitirira chifukwa sunabalepo.

"Nanga mtengo wa munthu wodzimangirira mumautani, alamu?"

"Timadula," anatero Paison. "Timatentha ndi chitsa chomwe."

Anatembenuka n'kuyang'ana mapichesi a mng'ono wake, nthambi zitawerama ndi zipatso zofiirira, ndi Dailes ali pansi pake akuluma limodzi, madzi akutsikira kuchigongono. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo Lufina anatenganso tsache lake.

Mphanda zina zinali zitagwa pamene sajeni anagwetsera Paison dzulo lake, ndipo nthambi imodzi inali itatsika mpaka kukhudza dothi, itayamba kung'aluka polumikizira. Paison anawerama n'kutola mphanda. Kunsonga kwake, pamene nthambi imakhalira, Yoramu anali atakulungako kansalu ka khaki kuti khungwa lisasupuke. Paison anakonza kansaluko ndi chala, ananyamula nthambi ndi phewa, n'kuikhazika pamalo pake. Kenako anapita kukatola ina.